Thandizeni: koyenda wapansi kosavuta m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear, ndikupita ndi amayi

Membala wosadziwika: Abale ndi alongo mwaswera bwanji pagulu pano. Ndikufuna oti ku Cape Maclear amakudziwa bwino osati ongokuonera pazithunzi. Pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala tagwirizana ndi achemwali anga kuti amayi athu tiwatengere kunyanja, tikagona m'mudzi mwa Chembe. Amayiwo adutsa zaka 60, ali ndi BP komanso bondo lakumanzere limawavuta, koma kuchipatala anawauza kuti aziyenda wapansi ndiye chiwauzireni sajomba, m'mawa uliwonse amazungulira kuno ku Chilomoni tonse tisanadzuke. Atamva za ulendowu akuti iwo zokangokhala pamchenga kudya chambo tsiku lonse ayi, akufuna kukayenda aone malo. Ndiye funso langa nali, ndi njira ziti zosakwera phiri zoti munthu wotere angayende osavutika? Tilinso ndi ana awiri a ku pulayimale. Kupaki ya Lake Malawi National Park amalipiritsa? Nanga pakufunika munthu wotiperekeza kapena titha kuyenda tokha?

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Asisi mwafunsa pabwino. Yosavuta kuposa zonse ndi yongotsata gombe la mudziwo, mchenga wokhawokha palibe chitunda. Mudzuke cha m'ma 5 koloko muyende kufupi ndi madzi pomwe mchenga uli wonyowa chifukwa ndi wolimba, wouma uja phazi limalowa ndiye bondo la amayi lingadandaule msanga. Nthawi imeneyo mabwato amakhala akubwera kochokera ku usodzi wausiku, mupeza usipa akuyanika pamathandala, azimayi akutsuka mbale, ena akusoka chilimira pansi pa mtengo, ndipo kutsogolo kwanu chilumba cha Thumbi chili poteropo, kudzanja lamanja Domwe. Apa simulipira kanthu, ndi m'mudzi. Akatopa mungokhotera kumsewu wa m'mudzimo nkukwera kabaza.

Yachiwiri ndi ya ku Otter Point. Mukayang'ana kunyanja mulowere kumanzere mpaka pageti la Lake Malawi National Park, pamenepo ndiye mulipira, aMalawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja koma mutenge chiphaso cha unzika. Kuchoka pageti njira yake ndi yabwinobwino yamithunzi, vuto lili kumapeto kokha komwe kuli miyala ikuluikulu yoti uzikwera nkumatsika. Amayi asakwere pamenepo, akhale pamthunzi ana ndi inu mupitirire. Madzi ake ndi oyera mbee, tinsomba ta mbuna tamitundumitundu mumationa muli pamwala pomwepo osalowa nkomwe.

Membala wosadziwika: Zikomo achimwene. Ndiye 5 koloko yeniyeni? Ife timati tiyambe tadya kaye kadzutsa cha m'ma 9.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Kkkk 9 koloko mu Okotobala ku Mangochi? Asisi dzuwa la kuno si la ku Blantyre. Ikamakwana 10 mchenga sungaponde opanda nsapato, miyala ya ku Otter Point imachita kuotcha m'manja. Munthu wa BP musamuyese dala. Yendani m'mamawa mubwere mudzadye, masana gonani, kenako cha m'ma 4 mutulukenso.

Bambo a mapasa: Koma a Malawi tayamba liti zimenezi kkkk kuwononga petulo mpaka ku Cape kuti mukayende wapansi? Amayi agulireni chitenje ndi keke basi

Namwino wopuma: Bambo a mapasa, chitenje amayi amenewa ali nazo zodzadza sutikesi. Asiyeni akayende. Mwanawe, ine ndionjezere za thanzi. Mankhwala a BP amwe monga mwa nthawi zonse asadumphe poti ali paulendo, madzi akumwa botolo lalikulu aliyense lake, chipewa kapena ambulera, ndipo nsapato zikhale zotseka zomanga zingwe osati patapata. Ndodo atenge, ngakhale akane kuti sanakalambe. Akayamba chizungulire kapena mutu, ulendo wathera pomwepo.

China chomwe ambiri sakonda kumva ndi likodzo. Kugombe la m'mudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba, makamaka m'madzi osaya momwe muli udzu ndi mabango, mumakhala nkhono zomwe zimafalitsa matendawa. Ana simungawaletse kusambira ndikudziwa, koma mukabwerako pakapita miyezi iwiri pitani nonse kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka potengera kulemera kwa munthu, musamangogula nkumwa mwachisawawa. Kumwa tsiku lomwe mwabwera sikuthandiza, tizilomboto timakhala tisanakhwime.

Mphunzitsi wa mbiri: Ngati amayi ali a CCAP ndiye pali malo oti musawaphonye, manda a amishoni, ali chakufupi ndi geti la paki lomwelo. Apa mpamene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, gulu lomwe munali Dr Robert Laws litafika pa sitima ya nthunzi ya Ilala. Malungo anawasautsa kwambiri, anzawo angapo anamwalira nkuikidwa pomwepo, mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 nkukwera ku Khondowe komwe lero timakutcha Livingstonia. Anthu ambiri amadabwa kumva kuti Livingstonia yoyamba inali ku Mangochi osati ku Rumphi. Kukafika pamandapo pali kachitunda pang'ono koma nkakafupi, apite pang'onopang'ono afika. Ana muwauzenso kuti pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa cha nsomba za mbuna zomwe zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Zimabwera pamayeso zimenezi.

Membala wosadziwika: Aphunzitsi mwalasa, amayi ndi a Mvano enieni. Akamva zimenezi atenga ndi buku la nyimbo lomwe.

Mayi wa ku Area 25: Ine langa ndi chenjezo la anyani. Mupaki muja alimo ambiri ndipo anthu anawazolowera saopa. Mwana wanga ananyamula jumbo ya mandasi m'manja, nyani wamkulu anangotsika mumtengo nkuitsomphola, mwana kulira mpaka kubwerera. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, ana asamadye akuyenda ndipo asawaponyere kanthu. Komanso wina akakuuzani kuti tiyeni tikwere phiri la kuseri kwa mudzi mukaone nyanja yonse pamwamba, kapena njira yodutsa m'mapiri yokatulukira ku Monkey Bay, mukane. Nzokongola inde koma ndi zokwera zokhazokha miyala yoterereka ndi timiyala tosongoka, achinyamata omwe amafika akupuma mwabefu. Si za bondo la amayi zimenezo.

Wa maboti: Boti ilipo yabwino yopita pa Thumbi kukadyetsa nkhwazi, mtengo wapadera wa anakubala, ndipezeni ku inbox

Adimini: Malonda Lachisanu lokha bwana, mukabwereza tichotsa. Koma mwini funso, ngati mungakwere boti la aliyense, muonetsetse kuti muli malaifi jaketi okwanira nonse ndi ana omwe, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Za wokuperekezani ndinaiwala. Pagombe ndi ku Otter Point simungasochere, koma anyamata operekeza alendo alipo ambiri ndipo adzakupezani okha musanatsike ndi m'galimoto momwe. Funsani pomwe mukagonepo akupatseni amene amamudziwa. Ine ndingati mutenge mmodzi tsiku la kupaki lokha, amathandiza kugwira agogo dzanja pamiyala komanso anyani amawadziwa kuwathamangitsa. Pobwera mukakhota kuchoka mumsewu wa Monkey Bay kwatsala makilomita pafupifupi 18, ndipo m'njiramo muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini zotema kumaso. Chili pafupi ndi msewu, imani amayi awongole miyendo ajambulitse.

Mlongo wa ku Joni: Malo ogona mwapeza kale? Tsiku la Anakubala anthu amakhamukira kunyanja, mabasi a mipingo ndi magulu a banki m'khonde onse amathera komweko. Ndipo mufunse ngati chipinda cha amayi chili pansi, malo ena ali ndi masitepe ambiri. Mufunsenso za gombe, paja madzi atakwera mu 2024 malo ena mchenga unamira anthu nkumadutsa kuseri kwa nyumba.

Membala wosadziwika: Malo tinapeza kale achemwali, koma za masitepe sindinafunse, ndiimba mawa. Ndiye tapanga chonchi, tsiku lofika madzulo tingoyenda pagombe pang'ono, m'mawa mwake 5 koloko kupaki, manda a amishoni kenako Otter Point mpaka pomwe miyala yayambira. Zaphiri tazisiya. Funso lomaliza, pageti la paki amatsegula nthawi yanji, ndipo amalandira ndalama za pafoni kapena titenge kashi?

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Tengani kashi asisi, netiweki imavuta nthawi zina. Ndalama mutapiretu ku Mangochi boma musadalire za ku Cape. Za nthawi yotsegula ndikufunsirani kwa mnzanga amagwira kufupi ndi komweko, ndikuyankhani pompano madzulo.