Matayala a saizi yanji pa malimu oyambirira a Chevelle SS ya 1970?

Mphwache_SB:
Moni nonse akuluakulu. Pali kankhani kandizunguza mutu sabata yonseyi. Malemu apongozi anga aamuna anasiya galimoto ya Chevrolet Chevelle SS 396 ya 1970 yomwe yakhala mu galaja zaka zoposa 20 osayenda, ndiye madam ndi alongo awo anagwirizana kuti ibwere kwathu kuno ku South Bend, Indiana, ku America, ndiziikonza pang'onopang'ono. Injini tinaidzutsa ikulira bwinobwino, mabuleki takonza, chatsala ndi matayala basi. Malimu ndi ake enieni a SS aja a timiyendo 5, a 14, ndipo madam anenetsa kuti amenewo asachoke chifukwa ndi mmene ankaionera ali mwana. Nkhani ya malimu a 17 owala aja ndinangoiyamba, nditaona nkhope ndinaisiyira pomwepo.

Vuto ndi ili, m'buku la galimoto analemba F70-14. Nditapita ku shopu ina mnyamata wa pa kauntala anangondiyang'ana, akuti pa kompyuta saizi imeneyo mulibe. Mnzanga wina akuti ingoika 245/60R14 konsekonse iwoneke yolusa. Limu ndayeza ndi tepi ndapeza mainchi 8. Ine ndikufuna onenepako pang'ono a zilembo zoyera aja koma asamakwecha madigadi. Komanso omwe alipowa thiredi yake idakali yambiri, sindingayambe ndayendera omwewa kaye?

Che_Sipanala:
Achimwene ndiyambe ndi funso lomalizalo, amene alipowo musatuluke nawo pa geti. Thiredi isakunamizeni, labala amauma ndi zaka ngakhale galimoto ili chiimire. Onani pambali pa tayala pomwe alemba DOT, kumapeto kwake kuli manambala. Akakhala 4 ndiye awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo chaka, monga 2319 ndi sabata ya 23 mu 2019. Akakhala atatu okha ndiye tayala linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, limenelo ndi lodzalamo maluwa pakhomo.

Chachiwiri limu yanuyo si 8, ndi 7. Mwayeza kunja kwa milomo. Limu amayeza mkati pomwe tayala limakhala, ndipo kunjako kumaposa ndi inchi imodzi pafupifupi. SS ya 1970 inabwera ndi 14x7, ma 15x7 anayamba mu 1971 ndi tayala la F60-15. Mukanakagula mukuganiza kuti muli ndi 8 mukanalira.

Tsopano za F70-14. Kalembedwe kameneka ndi ka nthawi imeneyo, F akunena kukula ndi katundu amene tayala linganyamule, 70 ndi kutalika kwa mbali poyerekeza ndi kunenepa, 14 ndi limu. Tayala limenelo likaima linali mainchi 26 ndi kakang'ono, tinene 26.2. Imeneyo ndiye nambala yoti muigwire, osati kunenepa. Aliyense amathamangira kunenepa chifukwa ndi komwe maso amaona, koma magiya, sipidomita ndi mmene gudumu limadzazira madigadi zonse anazikonzera pa 26 ameneyo.

Masamu ake ndi osavuta. Tengani 225/70R14, 225 kuchulukitsa ndi 0.70 ndi mamilimita 157.5 mbali imodzi, mbali ziwiri 315, kugawa ndi 25.4 ndi mainchi 12.4, kuphatikiza 14 wa limu mwapeza 26.4. Mukatero ndi enawo, 215/70R14 ndi 25.9, 245/60R14 ndi 25.6, 235/60R14 ndi 25.1. Ndiye mukuona nokha kuti ma 70 awiriwa ndi amene aikira F70 pakati. Ma chart ambiri amati 215/70 ndiye mlowam'malo wake, koma ine pa limu ya 7 ndimakonda 225/70, imakhala mowongoka bwino ndipo Chevelle ndi chigalimoto cholemera, 215 imaoneka ngati miyendo ya dokowe.

Mphwache_SB:
Eee madala mwandipulumutsa, ndapita kukaona pompano manambala ake ndi atatu. Ndiye mwati 245/60 ya mnzanga ija ndiisiye? Pa zithunzi imaoneka bwino heve.

V8_wa_Joni:
Aise usaisiye msanga, Che Sipanala ndi munthu wa buku koma muscle car, galimoto ya chi injini champhamvu ngati imeneyi, si basi ya sukulu. 245/60R14 imakwana pa limu ya 7, kungoti ndi pa malire penipeni, mbali zake zimatupa pang'ono ngati chitumbuwa, ena amakonda choncho kumene chifukwa ndi mmene ankaonekera kale. Ine ku galaja komwe ndimagwira kuno ku Johannesburg kumabwera ma V8 akale, ma Fairmont GT a 351 aja ndi ma Mustang, eni ake ambiri amafuna kumbuyo konenepa kutsogolo kocheperako, mwachitsanzo 235/60 kutsogolo 245/60 kumbuyo, galimoto imaweramira kutsogolo pang'ono ngati galu wofuna kulumpha. Kusiyana kwa 25.6 ndi 26.2 ndi kochepa, sipidomita ikamati 60 iwe uli pa 58 ndi theka, ndani angadandaule zimenezo, mwina ikupulumutsa ku tikiti.

Chomwe ndinganene nchakuti usagule usanayeze. Galimoto yokhala zaka 20 masipuling'i amakhala atafooka, imatsika, ndiye tayala lomwe linakwana pa Chevelle ya munthu wina pa YouTube kwa iwe likwecha. Kumbuyo uyeze mbali zonse ziwiri chifukwa magalimoto a mtundu wa Chevelle amenewa (ma A-body) kawirikawiri ekiselo sikhala pakati ndendende, mbali ina umapeza chala chikulowa mbali ina ayi. Kutsogolo pinda chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku uone mpata pakati pa tayala ndi sway bar (chitsulo chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota) komanso felemu. Ukhazike anthu awiri onenepa kumbuyo uonenso, osayeza ili pa jeke.

Che_Sipanala:
Zoyezazo wanena zoona mphwanga. Koma wina akati muike 235/60 kumbuyonso ndikana, ndi 25.1, ndiye 4 peresenti yathunthu, sipidomita ili pa 60 iwe uli pa 57 ndi theka, injini ikuzungulira kwambiri pa highway, ndipo injini ya 396 ija, yomwe mu 1970 kukula kwake kunali kale ma cubic inch 402 kungoti dzina analisiya, simwa mafuta mwaulemu. Komanso pamwamba pa tayala pamatsala chimpata chonyansa. Zokonzeka inde, mu gearbox muli kagiya ka pulasitiki koyendetsa chingwe cha sipidomita, tayala likafupika umaika ka mano ambiri. Pa gearbox ya Muncie ya magiya 4 dzino limodzi limasintha pafupifupi 5 peresenti, pa ya automatic ya TH400 ndi theka la pamenepo chifukwa mano ake ndi ochuluka. Koma bwanji kudzipatsa ntchito. Ndipo saizi ziwiri ndiye kuti simungamasinthanitse akutsogolo ndi akumbuyo, sipeya nayonso ikhala yolakwika mbali imodzi. Ngati kumbuyo kuli Positraction (difu yopereka mphamvu ku magudumu onse awiri ngakhale limodzi likuterereka), matayala osiyana msinkhu kumanja ndi kumanzere amadya ma clutch a mkatimo, ndiye sipeya ifanane ndi akumbuyo.

Anachisale_Indy:
Alamu ndaona aliyense akukamba manambala koma palibe wafunsa kuti galimotoyi mukufuna izichita chani. Akazi anuwo akufuna aione mmene inalili ndi bambo awo, si choncho? Ngati ndi zimenezo, F70-14 yeniyeniyo ikupangidwabe, kungoti simuipeza ku shopu ya pakona. Coker Tire ya ku Chattanooga, Tennessee imagulitsa Firestone Wide Oval ya zilembo zoyera, Kelsey Tire ya ku Missouri imagulitsa Goodyear Polyglas. Amuna anga ali ndi Pontiac GTO yomwe timapita nayo ku ma show chilimwe, ndiye zimenezi ndazimva mpaka kutopa nazo. Ku show oweruza amayang'ana mpaka zilembo za pa tayala.

Koma ndikuchenjezeni, amenewo ndi akale mpaka kayendedwe. Si ma radial (matayala amakono aja okhala ndi R pa saizi), ndiye akapeza kamzere mu msewu amakatsatira, chiwongolero chimakukoka uku ndi uku, ikagona masiku angapo m'mawa imayamba ndi kudumphadumpha mpaka atenthe, pa mvula ndiye umapemphera. Misewu ya kuno mukuidziwa mmene imakhalira chisanu chikatha. Ife tinamaliza ndi kugula maseti awiri. Pali njira ya pakati, Wide Oval yomweyo ilipo ya radial, amalemba FR70-14, kunja chikale mkati chamakono, mtengo wake ndiye ndi woti mukhale pansi kaye musanaufunse. Chimodzi chokha, musasakanize radial ndi akalewo pa galimoto imodzi.

V8_wa_Joni:
Mayi awa anena mfundo. Ndiwonjezere za alignment, ukaika ma radial usalole akupangire potsatira manambala a m'buku la 1970, amenewo anali a matayala akale. Radial imafuna caster ya positive (kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe gudumu lakutsogolo limakhotera) yambiri mmene ingapezekere, pa Chevelle amasintha ndi timashimu pa control arm (mkono wogwira gudumu) ya pamwamba. Upeze mdala wodziwa zimenezi, anyamata a makina a kompyuta ena sanaonepo shimu chibadwire.

Ndiye malimuwo asanaveke chilichonse awapalepale dzimbiri mkati pomwe tayala limagwira, apo ayi uzingopopa Loweruka lililonse ukumatukwana tayala losalakwa. Awazungulitse pa makina opanda tayala aone ngati sanapindike, zaka 50 ndi zambiri. Ma valavu atsopano. Ma trim ring (mphete zonyezimira za m'mphepete mwa limu) ndi timakapu ta SS uchotse wekha kunyumba, osawasiyira, ndipo ma weight obalansira gudumu uwauze amate mkati.

Mphwache_SB:
Zikomo kwambiri nonse, usiku wathawu ndinagona pansi pa galimoto ndi tochi ndi tepi. Aise wa ku Joni unalosera, kumanja kumbuyo mpata ndi wochepa kuposa kumanzere ndipo mbali yomweyo yatsikirapo, ndiye masipuling'i ndisintha kaye matayala asanabwere. Ndinakweza kumbuyo ndikuzungulitsa gudumu limodzi, linalo likuzungulira mbali yomweyo, ndiye Positraction ilimo, sipeya ndigula yofanana.

Madam ndinawaonetsa zithunzi za Wide Oval ndi za BFGoodrich Radial T/A, ine ndimaganiza alozera Wide Oval, koma akuti chomwe akukumbukira ndi zilembo zoyera basi ndi bambo awo akuzitsuka ndi kaburashi Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, dzina lake sakulidziwa. Ndiye nditenga 225/70R14 asanu, kaya BFGoodrich kaya Cooper Cobra, ndiona zomwe zilipo popeza ma 14 a zilembo zoyera akusowa masiku ano, mwayi wake kampani yogulitsa matayala ya Tire Rack likulu lake lili mtauni mwathu momwemuno ndikafunsa Lolemba. Za show mwina mtsogolo, panopa tikufuna tikafike nayo ku nyanja ya Michigan chisanu chisanayambe.

Che Sipanala, mpweya ndiike wa m'buku uja kapena ma radial amafuna wina?

Che_Sipanala:
Wa m'bukuwo ndi wochepa kwa radial. Yambirani pa 32 psi ali ozizira, jambulani mzere wa choko kudutsa thiredi yonse, yendani pang'ono pamalo osalala muone. Choko chikafufutika pakati pokha phwetsaniko, chikafufutika m'mbali mokha onjezerani. Kutsogolo mwina kufuna wochulukirapo chifukwa cha chi injini chija.