MGB ikuzunguza injini koma osalira

Moni nonse akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi galimoto ya MGB ya 1972, injini ya 1.8 ya ma carburettor (zosakaniza petulo ndi mpweya) awiri a mtundu wa SU, kuno ku Blantyre. Ndikapotokola kiyi sitata ikuzunguza bwinobwino koma galimoto osalira, olo kutsokomola komwe. Batire ndatchaja, petulo ndi watsopano, pampu kumbuyo kuja ikumveka tiki tiki kenako nkusiya ndiye mafuta akufika ndithu. Mapulagi ndasintha koma ndikawamasula akutuluka onyowa, fungo la petulo lokhalokha, moto wake wofooka wachikasu osati wabuluu. Ma points (tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi mu distributor, chida chogawa moto ku mapulagi) ndapala, gap yake ili pa 0.015 inchi. Makaniko wina akuti ndigule coil, ine ndikukayikira condenser kapena rotor arm (zonsezi ndi zida zothandiza kuti mapulagi apereke moto). Ndingaziyeze bwanji ndisanataye ndalama? Nanga zida za distributor ya Lucas 25D zikupezeka kuti?