Timbalame tanga ta canary tikupuma mobanika usiku, ndithandizeni

Wa ku Ntcheu ali ku Joni:
Moni nonse pa gulu. Ndili kuno ku Johannesburg, ndimasamalira maluwa pa nyumba ina. Abwana anga akale ankaweta mbalame za canary, ndiye posamukira kwa mwana wawo anandisiyira ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Mu December yaikazi inaikira mazira anayi, itafungatira masiku 14 inaswa tiana titatu. Tianato tinakula bwinobwino, ndipo kamodzi kachimuna kanayamba kuyeserera nyimbo mu April. Panopa milungu iwiri yatha kali duu. Kakatsegula mlomo mawu amangotuluka osasa. Usiku kukakhala zii ndimamva kaphokoso ka "tiki tiki tiki" kuchokera m'khola, ngati munthu akuthyola timitengo touma, ndipo mchira umakwera ndi kutsika kakamapuma. Dzana kachiwiri nakonso kayamba kuyetsemula ndi kupukuta mlomo pa kamtengo koterapo. Kudya tikudya, koma kachimunako masana kamangozyolika, nthenga zitafufuma. Chifukwa cha chisanu cha June chino ndimalowetsa khola m'chipinda changa usiku, ndipo ndimayatsa hita ya parafini. Mnzanga wandipatsa mankhwala a ufa amene amasungunulira nkhuku zake m'madzi. Ndimwetse kodi? Sindinawetepo mbalame zoterezi, ndipo tianati ndatiwona kuyambira tili m'dzira. Mtima ukundipweteka.

Nabanda:
Pepani achimwene. Hita ya parafiniyo ndiye yandidetsa nkhawa. Kuyambira lero khola lisagonenso chipinda chimodzi ndi hita, mbaula, kandulo kapena koyilo ya udzudzu. Mbalame kupuma kwake ndi kwina. Kuwonjezera pa mapapo ili ndi timatumba ta mpweya tofika mpaka m'mimba, ndiye utsi umene inu simukuumva n'komwe iyo umaivulaza msanga. Ku Britain anthu a m'migodi ya malasha ankatsika ndi canary pansi kuti ikagwa adziwe kuti mpweya waipa, mpaka anasiya mu 1986. Inunso mudzisamale, chipinda chotseka ndi parafini sizigwirizana.

Woweta wa ku Zomba:
Chitopa chimenecho. Patulani zodwalazo msanga zisanathe zonse.

Gogo wa mbalame ku Leeds:
Ayi bambo a ku Zomba, tisathamangire chitopa. Kupatula ndikuvomereza, koma zimene afotokozazi ndazimva kambirimbiri m'khola langa. Ndaweta canary zaka zoposa khumi kuno. Kaphokoso ka usiku, mawu kusasa, nyimbo kusiya, mchira kugwedezeka, zonsezi kawirikawiri zimaloza ku tinthata tina timene timakhala m'kati mwa kholingo ndi m'timatumba ta mpweya tija. Madokotala amatitchula Sternostoma tracheacolum, ndipo timavutitsa kwambiri canary ndi mbalame za ku Australia zotchedwa Gouldian finch. Timayamwa magazi m'njira ya mpweya, njirayo n'kutupa ndi kudzaza mamina, phokoso lija limachokera pamenepo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tiana timatengera kwa makolo. Make akamalavulira chakudya m'kamwa mwa kamwana, tinthata timapita nato. Mbalame yaikulu imatha kukhala nato miyezi osaonetsa kanthu, koma kamwana kakafooka ndi kuzizira kapena kusintha nthenga, matenda amaonekera. Choncho musadabwe kuti makolo akuoneka a bwinobwino.

Mungayese izi usiku: thimitsani magetsi, nyowetsani pang'ono nthenga za pakhosi ndi chala, muzipatule, ndiye muwalitse tochi yaing'ono mbali ina ya khosi inu mukuyang'ana mbali inayo. Nthawi zina mumaona timadontho takuda ngati tsabola wopera. Mukapanda kuona sizitanthauza kuti mulibe. Pogwira, mutu ukhale pakati pa chala cholozera ndi chapakati, chifuwa musachifinye ngakhale pang'ono. Mbalame imapuma ndi kusuntha kwa chifuwacho, mukachipana imafera m'manja. Ndipo ngati kakupuma kukamwa kuli yasa, musakagwire n'komwe.

Wa ku Ntcheu ali ku Joni:
Zikomo gogo. Kukamwa kamatsegula kakauluka kokha, kakatera kamatseka pakapita kanthawi. Nanga mankhwala ake ndi ati? Mnzanga yemweyo ali ndi ivermectin wobaya mbuzi.

Gogo wa mbalame ku Leeds:
Dzina la mankhwala mwalondola, koma botolo limenelo lisayandikire mbalame zanu, mwana wanga. Canary imalemera magalamu 20 okha kapena kucheperapo. Wa mbuzi ndi ng'ombe uja ndi wamphamvu kwambiri, dontho limodzi losasungunula litha kupha. Alipo wopangira mbalame zazing'ono, ivermectin kapena moxidectin, amene amadonthezera pa khungu kumbuyo kwa khosi, ndipo amabwereza pakapita masiku chifukwa tinthata tina timatsala. Mlingo ndi masiku akuuzeni ndi dokotala atakayeza pa sikelo. Palinso china: ngati tinthata tachuluka, tikafa tonse nthawi imodzi timatha kutseka kholingo, ndiye tsiku loyamba ndi lachiwiri muzikayang'anitsitsa. Mankhwala alandire onse asanu, makolo omwe. Ufa wa nkhukuwo bwezani, tinthata suupha.

Mayi a mapasa:
Ine funso langa ndi chakudya. Mumagula chochuluka bwanji, nanga mumasunga pati? Njere zikachita chuku ngati mtedza wosauma, mbalame imapumira fumbi lakelo n'kudwala m'mapapo, ndipo matenda amenewo kuchiza kwake n'kovuta. Nunkhizani thumbalo. Likamveka fungo la chinyezi tayani, musamve chisoni ndi ndalama.

Wophunzira za ziweto ku Bunda:
Ndiwonjezere pa zimene anena gogo, poti msinkhu wa tianati ukundikayikitsa. Canary za miyezi iwiri mpaka isanu ndi inayi zimagwidwanso ndi matenda otchedwa atoxoplasmosis. Kachilombo kake kamafala kudzera m'zitosi ndipo kamatupitsa chiwindi. Chiwindi chikakula chimapanikiza timatumba ta mpweya, mbalame n'kumapuma movutika ngakhale kholingo lili bwino. Uzirani nthenga za pamimba muone khungu. Ngati pali banga lakuda lotuluka kunsi kwa fupa la chifuwa, komanso kambalame kawonda mpaka fupalo likuthwa ngati mpeni, muwauze adokotala. Mutenge zitosi za tsiku lonse pa pepala loyera kuti akaziyeze.

Iliponso nthomba ya canary, yofalitsidwa ndi udzudzu. Imeneyo imatulutsa tizilonda m'zikope ndi m'miyendo, ndipo mtundu wake woopsa umapha m'masiku ochepa. Poti kwanu ndi nyengo yozizira ndipo papita milungu iwiri osafa kalikonse, sindikuiganizira kwambiri. Komanso muzisamba m'manja mukakonza khola, ndipo zitosi zouma muziyamba mwazinyowetsa musanasese. Matenda ena a mbalame, monga psittacosis, amagwira anthu. Mukamva malungo ndi chifuwa, mukanene ku chipatala kuti mumagona ndi mbalame.

Achimwene a ku Pretoria:
Madokotala ambiri a m'matauni anazolowera agalu ndi amphaka, ndiye muyambe mwaimba foni kufunsa ngati amaona mbalame. Mukasowa, bwerani ku Onderstepoort kumpoto kwa Pretoria, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Pretoria. Kuli chipatala choona mbalame. Ponyamula muike m'kakhola kakang'ono, mufunditse nsalu, mphepo ya m'takisi isakawombe.

Nabanda:
Za kuzizira musade nkhawa kwambiri. Canary yathanzi imapirira chisanu bola pasakhale mphepo yolowa ndi chinyezi. Kodwalako ndiye kakufuna kutenthedwa. Thirani madzi otentha m'botolo, mulikulunge ndi thaulo, muliike kunja kwa khola mbali imodzi kuti kakamva kutentha kathe kusunthira kwina. Madzi ndi chakudya muziike pafupi ndi pomwe kakutera kuti kasamauluke kwambiri.

Wa ku Ntcheu ali ku Joni:
Abale anga, ndabweranso patatha masiku asanu. Hita ndinasiya usiku womwe uja, khola likugona m'kachipinda kosungira zipangizo, lofunditsidwa bulangete mbali zitatu, botolo la madzi otentha pambali. Kachiwiri kaja kuyetsemula kunachepa tsiku lotsatira. Loweruka ndinapempha theka la tsiku n'kupita nazo zonse zisanu kwa dokotala wina woona mbalame. Anawalitsa tochi pakhosi pa kachimuna ndipo timadontho takuda tija ndinationa ndi maso anga. Kanalemera magalamu 16. Zonse anazidonthezera mankhwala pakhosi, zitosi anatenga, zotsatira ndikamva Lachisanu pobwerera. Thumba la njere linalibe fungo, komabe ndagula latsopano laling'ono. Kaphokoso kachepa koma sikanatheretu, ndipo kuimba sikanayambe. Gogo a ku Leeds, kwa inu zinkatenga nthawi yaitali bwanji kuti mawu abwerere? Nanga timitengo toterapo ndi khola nditsuke ndi chiyani choti chisapwetekenso chifuwa chake?