Ndalama za visual aids zabwera, tigule chiyani?

Mlembi: Moni nonse. Achemwali athu a ku Leeds atumiza K600,000 pa Mukuru, ndipo alemba kuti ndi ya visual aids za pasukulu yathu ya pulayimale. Komiti ikumana Loweruka. Perekani maganizo.

Achimwene a ku Joni: Mulungu abwezere pomwe mwachotsa, achemwali. Tigule pulojekita basi. Kuno ndiyipeza yotchipa, ndiyikweza basi ya Lachisanu.

Mayi a ku Chirimba: Pepani ndifunse nawo, amenewo si magalasi a ana ovutika maso? Mdzukulu wanga amakhala kutsogolo kwenikweni koma pa bolodi saona.

Aphunzitsi opuma: Ayi mayi, si magalasi. Mawuwo ndi awiri. Visual ndi choonedwa ndi maso, aids ndi zothandizira, ndipo musawasokoneze ndi dzina la matenda lija, angofanana kalembedwe. Ndiye ndi chilichonse chimene mphunzitsi amaonetsa ana kuti zimene akunenazo zilowe msanga: tchati, mapu, chithunzi, makadi a zilembo, ngakhale phesi la chimanga lozula ndi mizu yake. Zomvera m'makutu monga wailesi amati audio aids, zophatikiza maso ndi makutu monga kanema amati audio-visual aids. Ife pantchito tinkangoti zipangizo zophunzitsira. Pulojekita ili m'gulu lomwelo, sindikukana, koma achimwene mukayilumikiza pati? Magetsi analekera pamsika.

Achimwene a ku Joni: Sola ilipo aphunzitsi. Ana athu azingoona za makatoni mpaka liti?

Aphunzitsi opuma: Makatoniwo musawanyoze. Mu 1994 sukulu itakhala yaulere, ana m'dziko muno anachoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ine Sitandade 2 ndinkaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango, bolodi nditayedzamiritsa pa thunthu. Ndinatenga masipoko atatu a njinga, kuwazika pa chibuma cha dothi, n'kuboola zitsekerero za mabotolo ndi msomali. Sipoko yoyamba ikadzaza khumi, mwana ankazichotsa yekha ndi dzanja lake n'kuponya chimodzi pa sipoko yachiwiri. Kusamutsa khumi pophatikiza nambala, chinthu chimene chimaliza ana ambiri, ankakugwira m'masiku ochepa. A Sitandade 5 tinaumba nawo mapu pabwalo. Phiri la Mulanje chinali chulu cha dothi, pansonga tinabaya kapepala kolemba Sapitwa, mamita 3,002. Mtsikana wina anathira madzi ndi chikho, akutsetsereka m'kangalande ka mtsinje wa Phalombe mpaka kukaima m'dzenje la Chilwa. Nditafunsa kuti atulukira kuti, onse anazungulira dzenjelo kufuna potulukira, osapapeza. Tsiku limenelo anamvetsa chifukwa chake madzi a Chilwa ali amchere. Zimenezi zili ndi dzina, TALULAR, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. A Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa zimenezi, ndipo mphunzitsi aliyense wodutsa ku TTC, sukulu ya zauphunzitsi, amazidziwa.

Mnyamata wa kabaza: Ngati zili zotola kudzala, ndalamazo zigwira ntchito yanji? Zisapite kumene anapita matumba a simenti aja.

Msungichuma: Mwayambanso. Simenti ija lipoti ndinapereka pamsonkhano wa Disembala.

Mnyamata wa kabaza: Munawerenga pakamwa bambo, malisiti sitinawaone. Tinasonkhera matumba 40, amene ndinawaona ndi maso anga ndi 25, ndipo nyumba ya aphunzitsi ikadali pa windo.

Msungichuma: Mwaiwala kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti? Mtengo umene tinawerengera si umene tinaupeza kusitolo. Ndatumikira gulu lino zaka zisanu ndi chimodzi osalandira ngakhale ya mayunitsi. Mukufuna buku, bwerani mudzalitenge, musunge ndinu.

Mayi a ku Chirimba: Abale, tisatukwanizane pagulu, muli akuluakulu muno.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, funso lako ndi labwino ngakhale walifunsa ndi mkwiyo. Zotola sizikwanira zokha. Pafunika mapepala a manila, mapentopeni, guluu, utoto wakuda wa bolodi, chifukwa mabolodi a m'buloko yakale anayera moti choko sichioneka. Mapu a Malawi ndi a Africa osindikiza bwino, gulobu imodzi yoonetsa dziko lapansi, zimenezo sitingaumbe molondola, tigule. Koma choyamba ndi chitseko ndi loko. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, makalasi awiri alibe zitseko. Mphunzitsi wa Sitandade 1 anandionetsa matchati ake a maphatikizo amene anachezera usiku kulemba. Lolemba anapeza mbuzi zadya m'munsi monse, kumtunda chiswe chayamba. Panopa amawapinda n'kupita nawo kunyumba pa njinga tsiku lililonse. Tchati ntchito yake ndi kukhala pakhoma, mwana azichiwerenga yekha nthawi yopuma. Chikakhala m'chikwama sichiphunzitsa munthu.

Achimwene a ku Joni: Zitseko ndi ntchito ya boma. Nanga ndalama za SIG, zotukulira sukulu, zimene sukulu imalandira kuboma zimagula chiyani? Komiti ya sukulu itiuze kaye.

Mlembi: Za SIG akafunse a PTA, si za gulu lino.

Achimwene a ku Joni: Ife a kunja mumatikumbuka posonkha pokha. Tikapereka maganizo ndiye akuti sitidziwa za kumudzi.

Aphunzitsi opuma: Palibe wanena zimenezo achimwene. Ine ndikuti pulojekita imodzi ithandiza kalasi imodzi pa nthawi, ndipo babu lake likapsa tidzalisaka ku Limbe kapena kwanu komweko. Ndalama yomweyo ikhoza kuveka makoma a makalasi asanu ndi atatu. Ndipo aphunzitsi eni akewo tawafunsa? Ine ndinapuma kalekale, silabasi inasintha. Mlembi, imbirani ahedi atilembere zimene akusowa kalasi ndi kalasi.

Achemwali a ku Leeds: Pepani ndinali ku ntchito ya usiku. Ine ndimanena matchati ndi zithunzi ngati zimene ndimaona m'kalasi mwa mwana wanga kuno, makoma onse odzaza. Za zitseko sindimadziwa, zandikhudza. Koma ndipemphe chinthu chimodzi, chilichonse chogulidwa lisiti lake lijambulidwe liikidwe muno.

Msungichuma: Ndiye kuti nanunso achemwali mukundikayikira?

Achemwali a ku Leeds: Ayi bambo, ndanena kwa aliyense amene akagule.

Msungichuma: Akagule wina. Ine Loweruka ndili ku maliro a apongozi.

Mlembi: A Tcheya sanayankhebe, foni yawo sikupezeka. Tsiku tidzalengezanso.

Mayi a ku Chirimba: Nanga za mdzukulu wanga uja, tchaticho akachipachika adzachiona bwanji?