Thandizeni, crossword ya cryptic yandikanika

Funso:
Moni akuluakulu a pagulu pano. Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumazitha crossword za cryptic, zija zimatuluka m'manyuzipepala a ku Britain a The Guardian ndi The Times. Zapafupi zija, zongopereka tanthauzo, ndimakwanitsa. Koma mafunso awiri awa andiimitsa:

Broken tie around university case (4). Ndili ndi E _ U _
Way into mine, partly traditional (4). Ili ndilibe chilembo ngakhale chimodzi.

Mumayambira pati? Nanga mawu achilendo amene olemba crossword amawakondawa munthu amawaphunzira kuti?

Yankho:
Achimwene, choyamba lekani kuwerenga funsolo ngati chiganizo. Tayi ndi yunivesite aziika dala kuti musochere, monga amachitira woponya ndagi. Funso limakhala ndi mbali ziwiri. Ina ndi tanthauzo la yankho, ndipo imakhala koyambirira kapena kumapeto. Ina ndi malangizo omangira liwulo chilembo ndi chilembo.

Loyambalo, tanthauzo ndi "case". "Broken" akukuuzani kuti musokoneze zilembo za TIE, mupeze ETI. "University" ndi U basi. "Around" ndiye kuti U alowe m'kati. Zikupatsani ETUI, kachikwama kosungiramo singano ndi tizipangizo tosokera. Zikugwirizana ndi E ndi U wanu uja.

Mukaona broken, drunk, mixed, wild kapena upset, werengani zilembo za mawu oyandikana nawo. Zikafanana ndi nambala ili kumapetoyo, yankho lonse lili momwemo. Zikaperewera, monga pano TIE ali ndi 3 pomwe akufuna 4, fufuzani liwu lomwe likupereka chotsalacho. Zilembozo zilembeni mozungulira papepala, osati pamzere, chifukwa pamzere diso limangobwerera ku liwu lakale lija.

Yankho:
Lachiwiri ndi losavuta kuposa momwe likuonekera. "Partly" akutanthauza kuti yankho labisala m'kati mwa liwu lotsatira. Yang'anani: trADITional. ADIT ndi khomo lolowera mumgodi, lokumbidwa chopingasa m'mbali mwa phiri. Ena oloza zobisika ndi some, in, held by, part of. Ambiri amaphonya mtundu umenewu chifukwa amayembekeza zovuta.

Yankho:
Za mawu achilendo, musavutike kuloweza dikishonale. Ndi kagulu kochepa komwe kamangobwerabwera, chifukwa ndi afupiafupi ndipo amalowa bwino m'timabokosi. ERNE ndi nkhwazi ya kunyanja ya ku Ulaya, EWER ndi jagi yaikulu ya madzi, TARN ndi kanyanja ka m'mapiri, OAST ndi ng'anjo youmitsira hops wofululira mowa. Khalani ndi kope, liwu lililonse latsopano mulilembe pamodzi ndi funso lomwe munalipezamo.

Chofunika kuposa pamenepo ndi zidule. Sailor ndi AB (chidule cha able seaman) kapena TAR (dzina lakale la mmalinyero). Learner ndi L, fifty ndi L yemweyo chifukwa cha manambala a Chiroma. Love ndi O, kuchokera ku tennis, duck ndi O, kuchokera ku cricket, poti m'masewerawa mawuwa amatanthauza ziro. About akhoza kukhala RE kapena C (chidule cha circa). Wosadziwa izi amakakamira ngakhale Chingerezi chake chili chakupsa. Dikishonale yomwe olemba ambiri a ku Britain amadalira ndi Chambers, n'chifukwa chake mawu ena simuwapeza m'kadikishonale ka kusukulu.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, awiri aja alowa. Pali linanso lili ndi "flower", ndayesa maluwa onse koma palibe likukwana.

Yankho:
Pamenepo bambo, siyani maluwa. Kawirikawiri flower ndi chinthu chimene chimayenda ngati madzi, kuchokera ku "flow", ndiye kuti mtsinje. Yesani DEE, EXE, CAM kapena PO. "Banker" nayenso nthawi zina ndi mtsinje, poti uli ndi magombe. Wina atalemba County flower in Malawi (5), yankho ndi SHIRE, matanthauzo awiri pa liwu limodzi.

Musanalembe, onetsetsani kuti liwu lililonse la m'funsomo lagwira ntchito yake. Likatsala lina lopanda ntchito, mwina yankho lanu ndi lolakwika. Onaninso kuti tanthauzo likakhala lochulukitsa kapena la nthawi yakale, yankho nalonso litero. Ndipo lembani ndi pensulo: m'crossword za ku Britain pafupifupi theka lokha la zilembo ndi lomwe limakumana ndi mawu ena, choncho liwu limodzi lolakwika lingakutsekereni mafunso awiri kapena atatu musakudziwa.