Kanadzikambe ka m'phiri la Mulanje: kamapezeka pati?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Akuti ku Mulanje kuli kanadzikambe kakang'ono kosapezeka kwina kulikonse. Wofuna kukaona ndi maso apite liti, ayang'ane pati?

Wa ku Likhubula: Alipo awiri mayi, musawasokoneze. Kamene mukunenako ndi Rhampholeon platyceps, kanalembedwa m'mabuku a sayansi mu 1893. Kutalika kwake ngati chala, kofiirira ngati tsamba louma, kamchira kafupi kosapota nthambi. Winayo ndi Nadzikambia mlanjensis, wamkulupo, wamchira wautali, wokhala m'mwamba m'mitengo ya m'chigwa cha Ruo. Katswiri wa njoka ndi abuluzi, Don Broadley, anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1965, ndipo mu 2006 akatswiri anamupatsa dzina lochokera ku mawu athu omwewa, nadzikambe.

Malume Phiri: Masana musadzivute. Kamakhala pansi m'zinyalala za masamba kusaka tizilombo, mukhoza kukaponda osadziwa. Dikirani kude, papite ngati ola limodzi. Kamakwera pa kamtengo kapena pa tsamba n'kugona, nthawi zambiri kosapitirira m'chiuno mwa munthu, ndipo kakagona khungu limayezuka, limachita mbuu. Ndiye tochi ikawomba kamaonekera pakati pa masamba obiriwira. Tengani tochi ya pamutu ndi mabatire apadera, muunike mowerama, cham'mbali, chifukwa mukaunika muli chiimire masamba apamwamba amakabisa. Yendani ngati mukusaka singano: mamita 100 adye theka la ola. Nyengo yake ndi ya dzinja, Disembala mpaka Malichi, m'nkhalango yowirira yachinyezi. M'mapaini ndi m'bulugamu n'kutaya nthawi. Nsapato zikhale zotseka, njoka nazo zimayenda usiku, ndipo musalowe opanda wolondolera wodziwa phirilo.

Nachisale: Zikomo malume. Nanga kukagwira? Kwathu amati nadzikambe akaluma sasiya.

Wa ku Likhubula: Kalibe ululu, zimenezo n'zongoopsezera ana. Mukakakhudza kamangonjenjemera thupi lonse ngati foni ya m'thumba, ndiyo njira yake yoopsezera adani. Komabe kasiyeni. Kakagwa pa nthambi usiku kamagona pansi, pamene linthumbu ndi zilombo zina zimakapeza mosavuta. Chithunzi chimodzi kapena ziwiri zakwana, tochi musaiyike m'maso mwake. Kutsika nako ndiye ayi: kutentha ndi kuuma kwa kumunsi kumakapha, komanso kuchotsa nyama m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu. Chimene chikukatha kwenikweni ndi moto wolusa ndi makala. Mitengo ikagwa dzuwa limafika pansi, masamba aja amauma gwaa, chakudya chake n'kutheratu.