Mwana wanga akufuna kugwira ntchito yaulere ku gallery, ndimulole?

Abale anga a pagulu pano, makamaka inu makolo amene muli ndi ana osinkhuka kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru.

Ndili ndi mtsikana wa zaka 19, analemba matric (mayeso omaliza a sekondale kuno) chaka chatha, panopa akudikira zolowa koleji. Chiyambire ali wamng'ono amakonda kujambula, makope ake a sukulu kumapeto kwake kunkangodzaza nkhope za anthu. Miyezi iwiri yapitayi anzake anamutengera ku gallery ina (malo oonetsera zithunzi) m'tauni, komwe achinyamata anawapatsa mwayi woti aziyendetsa okha zochitika za Loweruka. Mutu wa tsikulo amasankha okha, mapepala ndi utoto amakonza okha, ana a sukulu akabwera ndi iwo amawalandira n'kumawafotokozera zithunzi chipinda ndi chipinda. Akuluakulu a pamalopo amangoyang'anira. Malipiro palibe, ngakhale ya thiransipoti.

Bambo ake ndiye akanitsitsa. Akuti sitinachoke ku Mangochi kudzagwira ntchito yaulere m'dziko la eni. Akufuna Loweruka azikathandiza azakhali ake ku saluni ku Rosettenville, azibwerako ndi kangachepe. Sindingawanene kuti akulakwa, lendi ikudikira, kumudzi nako akuyang'ana ife.

Koma sabata yatha ndinapita kukadzionera ndekha, ndinaima kumbuyo iye osadziwa. Mwana amene alendo akafika pakhomo amathawira kuchipinda, ndinamupeza ataima patsogolo pa ana oposa khumi, akuwafunsa kuti pachithunzi ichi mukuonapo chiyani, ana akulimbirana kukweza manja. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Pobwerera mu teksi anandiuza za Billie Zangewa, mayi wobadwira ku Blantyre amene amakhala konkuno, amasoka zithunzi pamanja ndi tizidutswa ta nsalu ya silika, ndipo ntchito zake zimakaonetsedwa mpaka ku America ndi ku Ulaya. Kenako anati, "Amama, ndi singano yomweyi mumagwira inuyo." Ine ndine telala, mawu amenewo sakuchoka mumtima mwanga.

Ndiye ndifunse: ntchito yongodzipereka ngati imeneyi imamufikitsa mwana penapake? Nanga bambo ake ndiwafikire bwanji kuti asaone ngati ndikuwaderera?

Mayi wina wa ku Turffontein:
Achemwali, muloleni, koma asamangopita basi. Apemphe kalata yaumboni kwa amene amawayang'anira, ndipo chilichonse chimene wajambula kapena wakonza ndi anawo azichisunga bwino. Malo ophunzitsa luso amafuna kuona ntchito ya manja ako. Afufuze za Artist Proof Studio, akhala akuphunzitsa achinyamata luso lodinda zithunzi kuyambira 1991. Ngati amakondanso kamera, ku Newtown kuli Market Photo Workshop, imene anayambitsa David Goldblatt mu 1989. Mapepala ake okhalira kuno akhalenso abwino, polembetsa sukulu amafunsa zimenezo.

Bambo wina:
Mayi, ine ndili mbali ya mlamu wangayo pang'ono. Ndalama ya teksi Loweruka lililonse ikuchoka m'thumba la ndani? Mwana akafunse ngati sangamawapatseko ya thiransipoti, kufunsa si kulakwa. Ndipo ngati amadutsa cha ku Noord kapena Joubert Park, aziyenda ndi anzake, foni m'chikwama, abwerere kusanade.

Mnyamata wina:
Amama, inenso ndinadziperekapo chaka chathunthu pamalo ngati amenewo. Ndalama sindinapezepo, koma ndi pomwe ndinaphunzira kupachika zithunzi ndi kuzilongedza osaziwononga, pano amandiitana pa ganyu akamakonza chionetsero. Adadiwo musalimbane nawo ndi mawu, atengeni akaone okha. Mungayambe ndi Wits Art Museum ku Braamfontein, kulowa n'kwaulere, aone kuti zimenezi anthu amazilemekeza.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Za kalata sindinaziganizire n'komwe, ndamuuza akapemphe. Usiku wathawu ndayankhula ndi bambo ake titadya nsima, ndawapempha kuti mwanayu Loweruka m'mawa azipita ku gallery, masana ku saluni, tiyese miyezi itatu. Sanavomere, komanso sanakane. Angofunsa kuti anawo amayamba nthawi yanji Loweruka.